A Fanuelo, Mdani wa Makona

Kudera lonse la Kuntumanji kunalibe munthu wodana ndi makona a nyumba ngati a Fanuelo. Akafika kwa mnzawo ankakhala pakati penipeni pa khonde, kutali ndi kona, ngati pagona galu wolusa.

Anachokera kuchilumba cha Chisi kudzakwatira a Malita nyumba zambiri za m'mudzimo zikadali zozungulira. Monga mkamwini aliyense, anamanga pamalo a akazi awo. Anazika mitengo, kuimanga ndi luzi, kumata dothi, n'kufolera ndi udzu wakudambo. Denga lake linasongoka bwino moti opita kudoko ankatsika panjinga kuti aliyang'ane.

Kenako nyumba zinayamba kusintha. Kunabwera za mdindo, za makona anayi. Kunabwera za zidina, ndiye za njerwa zootcha, pamapeto pake malata. A Fanuelo anangoti phee m'nyumba yawo yozungulira.

"Mwera ukachokera kunyanja, yanga umangoizungulira n'kumapita," ankatero. "Yanuyo umaima n'kuyamba kulimbana nayo."

"Nanga malata, agogo?" ana ankawafunsa.

"Malata ndi chivundikiro cha poto. Inu ndinu ndiwo zake."

Chaka china Twaibu, mnyamata wolima mpunga ku Likangala, anawapempha kuti amuthandize kukumba maziko. Anakhoma zikhomo, kukoka chingwe, n'kupita kumzikiti poti linali Lachisanu. Pobwera anapeza a Fanuelo atakumba kale mbali yakumbuyo, koma yokhota ngati mwezi.

"Achimwene, chingwe chija chili kuti?"

"Chinatopa. Ndachipumitsa."

Mpaka lero nyumba ya Twaibu ili ndi mimba kumbuyo.

A Malita anapirira zonsezi zaka zambiri. Chimene chinawatopetsa ndi kabati yagalasi imene mwana wawo Brenda anatumiza kuchokera ku Limbe. Kabati ija inakana kutsamira khoma. Kumbuyo kwake kunatsala mpata, ndipo nkhuku inayamba kuikirako mazira.

"Khomali ndi lolakwa," anatero a Malita.

"Yolakwa ndi kabatiyo. Kabwerekeni sowo ndiikonze."

"Abambo a Brenda, tamverani. Anzanga onse amagoneka mlendo kuchipinda. Ine mpongozi akabwera ndimakagona kukhitchini ngati mphaka. Malo ano ndi a mayi anga. Mvula ikubwerayi indipeze m'nyumba ya makona. Mukakana, bwato la ku Chisi limanyamuka m'mawa uliwonse."

Ankhoswe atamva anaseka mpaka misozi. A Malita sanaseke. Anachapa zovala za amuna awo, kuzipinda, n'kuziika m'thumba pafupi ndi chitseko.

Thumba lija linakhala pamenepo mpaka mpunga wonse utakololedwa. Ku Chisi a Fanuelo analibenso munthu, anzawo onse anali kumanda. Udzu utauma, m'mawa wina anthu anawaona kudambo akuponda dothi, chikombole chili pambali. Anaumba njerwa okha, kuotcha okha, kumanga okha, osalankhula ndi munthu. Khoma litafika m'mapewa, Twaibu anabwera n'kutsinzina diso limodzi pa kona. Inali yowongoka ngati nsungwi.

"Ndiye mumatha, achimwene?"

"Ndinati sindiwafuna. Ndinati sinditha?"

Mvula yoyamba inawapeza a Malita pansi pa malata. Kabati inatsamira khoma, nkhuku inasowa kolowera. A Malita anamasula thumba lija. A Fanuelo analowa nawo m'nyumba yatsopano, koma bedi analikokera pakati pa chipinda, ndipo aliyense wolowa ankaphula nalo bondo.

"Amake Brenda, ndamanga. Koma makonawo musandiuze kuti ndiziwayandikira."

Masana ankabwerera kunyumba yakale, ndipo chilimwe chilichonse ankaifolera, ngakhale miyendo itayamba kunjenjemera pamakwerero.

Anamwalira nyengo yozizira, mwera ukuwomba. Maliro atatha, achibale ena anakumbutsa mwambo wakale woti nyumba ya malemu imagwetsedwa, n'kuloza yozungulira ija.

"Ngati manja akukuyabwani, kagwetseni chimbudzi," anatero a Malita. "Chapendekeka kale."

Tsopano kuyambira kumsewu mpaka kudoko ndi malata okhaokha. Anthu amamanga mmene afunira, ndipo palibe woima pamaziko n'kupukusa mutu. Amisiri amati ntchito ikufulumira, koma masana akutalika. Anyamata amene anayesa kufolera denga losongoka lija analisiya ngati chipewa chokhalidwa, ndipo mvula yapitayi linadontha.

A Malita amagona m'nyumba yawo ya makona, ndipo sanadandaulepo nayo. Koma m'mawa uliwonse amatenga tsache n'kukalowa m'yakale ija. Amayambira pachitseko, kutsata khoma. Tsache limangoyenda, silipeza pochedwera, ndipo amapezeka afikanso pachitseko msanga kuposa mmene amafunira.