Satifiketi Yomwe Ndinaivutikira Zaka Zitatu

Pamzere wonse uja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anagwada popereka mapepala. Ndinaziona ndithu, koma chamumtima ndinangoti anthu a m'tauni ulemu unawathawa.

Tinali titangofika kumene ku Nairobi, amuna anga, omwe ndi msilikali, atatumizidwa kukagwira ntchito kumeneko. Ine unamwino ndinaphunzira kwathu ku Malawi, koma ku Kenya sukhudza wodwala asanakulembe m'kaundula wawo. Tsiku lomaliza kulandira mapepala a anamwino akunja linali mawa lake, ukaphonya udikire miyezi. Miyezi ndili ndekha m'nyumba ku Parklands, kumangosita mayunifolomu a munthu wina? Ayi ndithu.

Ndiye ndili pamzerepo ku ofesi yolembetsa anamwino, envelopu ndaikumbatira pachifuwa. Nthawi yanga itakwana ndinachita zomwe anandiphunzitsa mayi anga, ndinagwada pansi. Anzanga inu, mu ofesi yodzaza anamwino! Mayi wa pakauntala anangoona mutu wanga wazimirira.

"Wakomoka! Madzi, msanga!" anakuwa m'Chingerezi.

Wina wandigwira pamkono kumva kugunda kwa mtima, wina akundikupiza ndi failo, wina akufunsa ngati ndili woyembekezera. Ndikanati chiyani? Kuti ndi ulemu chabe? Mwamanyazi madziwo ndinamwa kapu yonse, n'kuthokoza.

Atandikhazika pampando ndinapereka envelopu ija ndi manja awiri. Mayi uja anatsegula, anawerenga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwananga, satifiketi mwabweretsa ndi imeneyi?"

Ine poganiza kuti akunyoza sukulu za kwathu, mantha anasanduka ukali, koyamba m'moyo wanga. "Inde mayi. Ndinaivutikira zaka zitatu imeneyo. Anzanga ena anathawira panjira, ine ndinapirira. Mboni zilipo!"

Kenako mayi uja analitembenuza pepalalo kuti ndilione.

Satifiketi ya ukwati!

Musathamangire kundiseka. Mkazi wa msilikali kulikonse wapita amamufunsa pepala limenelo, kaya ndi nyumba ya ku balaki, tikiti ya ndege, ngakhale ku chipatala. Dzanja linali litazolowera, linangotola envelopu ya pamwamba m'sutikesi.

"Zaka zitatu kupirira," anatero mayi uja akupukuta misozi ya kuseka. "Bambowo ayenera kuti ndi ovuta kwambiri."

M'mawa mwake ndinafika asanatsegule chitseko, satifiketi ya unamwino nditaiwerenga katatu m'matatu, minibasi za kumeneko. Ndinaima njo ngati pa perete. Mayi uja anailandira, anadinda chidindo, n'kundiuza kuti ndikapereke moni kwa bambo ovuta aja. Amuna anga sindinawauze kanthu. Koma kuyambira tsiku limenelo envelopu sindipereka ndisanasuzumiremo, ndipo pomwe pali anamwino maondo anga sagundanso pansi.