Uthenga wa Agogo Anga Unafika kwa Agogo Onse

Nkhaniyi sindikonda kuikamba, koma ku Chibavi nkhalamba zambiri zikuidziwa kale.

Ndinaleredwa ndi agogo anga aakazi, makolo atamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakula woyang'anitsitsa koma wosafunsa. Nditayamba ntchito ya makompyuta pa kachipatala kena, a Nyirenda, amene ndinkawalowa m'malo, anandisonyeza pulogalamu yokumbutsa okalamba kumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi.

"Imakhala mu kontena, ngati kabokosi ka m'kati mwa kompyuta," anatero. "Ikazima n'kuyakanso, imabadwa yatsopano kuchokera ku imeji, chikombole chake, ndipo zimene unalemba m'kati zimafufutika. Pofuna kusintha mawu usamangenso imeji. Lemba mu fayilo yakunjayi, kontena imakopera ikamadzuka. Wapulika?"

Ndinagwedeza mutu. (Ndinamva theka lokha.)

Sabata yomweyo ndinapeza mapilitsi a agogo pansi pa pilo. Ankati amawachititsa chizungulire. Anandilumbiritsa kuti a kuchipatala asamve, poopa kukalipiridwa pagulu. Ndinalonjeza.

Poyesa pulogalamuyo ndinalemba mu fayilo yakunja: "Agogo, mwamwa mankhwala? Musabisenso pansi pa pilo. Ndibwera ndi nthochi madzulo. Ndine mdzukulu wanu." Ndinatumiza ku nambala yawo yokha, unafika. Kenako ndinabwezeretsa mawu achipatala, koma ndinakonza m'kati mwa kontena. Fayilo yakunja sindinaikhudze.

M'mawa magetsi anazima n'kuyakanso. Kontena inadzuka, inakopera mawu anga, n'kuwatumiza kwa odwala onse.

Pofika teni koloko benchi la pachipatala linali litadzaza ndi nkhalamba. Bambo wina wachipewa, a Gondwe, anafunsa a Sisitala kuti mdzukuluyo ali kuti. A Sisitala anandiloza. (Ndinali nditabisala kuseri kwa kompyuta, koma ndine wamtali.)

"Za pilo mwazidziwa bwanji, adada?" anafunsa motsitsa mawu.

"Inunso, a Gondwe?" anatero mayi wina, a Nyachirwa. "Ine anga ali m'chitini cha shuga."

Anayamba kuulula mmodzimmodzi, a Sisitala akulemba mayina oti aonane ndi dokotala. A Nyachirwa anandigwira dzanja. Adzukulu awo onse ali ku Joni, ndipo panali patapita nthawi osaitanidwa kuti agogo. "Yewo chomene," anatero, osalitaya dzanjalo.

Kunyumba ndinapeza agogo atakhala pakhonde, foni pamwendo. Sanandipatse moni.

"Ndinati usauze munthu."

"Dzina sindinatchule, agogo."

"Chibavi muno amene amagwira makompyuta kuchipatala ndi mdzukulu wa ndani?"

Ndinakhala pansi pambali pawo. Ndinawauza za a Gondwe, za chitini cha shuga, komanso kuti palibe amene wakalipiridwa. Dokotala wati ena asinthiridwa mankhwala.

"Ndiye tsopano uli ndi agogo angati?"

"Mmodzi."

"Bodza. Nyachirwa wandiimbira, akuti uli ndi manja ofewa." Anapukuta foniyo ndi chitenje. "Mawa undiperekeze kwa dokotalayo. Koma poyenda ugwire dzanja langa, Nyachirwa aone."

Fayilo yakunja ndinaikonza, ndipo masiku ano ndimaiwerenga kawiri ndisanatseke ofesi. A Sisitala anangondiletsa kuchotsa mawu akuti "Agogo". Loweruka lililonse ndimadzera kwa a Nyachirwa, koma agogo anga ndimawauza kuti ndachedwa ndi makompyuta.