Ndikudikira Kuyankhula Pomaliza mu Gulupu la Kachewere

Lolemba

Kwazizira. Ndili pa chulu cha kuseri kwa khola, poti rede ya foni imagwira pokhapa.

Lusiyano, mwana wa mlongo wanga, ndiye sekeretaryo wa asosiyasau yathu ya alimi a kachewere, ndiyenso mwini makiyi a gulupu lathu la pa foni. Walengeza kuti aliyense apereke maganizo a momwe tingakonzere gulupuli. Malire ndi Loweruka dzuwa lili paliwombo.

Gulupuli ndimaliyamika. Mtengo wa kachewere ku msika wa ku Domwe ndimaumva ndili pakhomo. Chaka chatha linandichenjeza za chiwawu chisanalowe m'munda mwanga.

Koma wina wayamba kale: ati ma awudiyo aletsedwe, akudya ma mega, aliyense azilemba. Ine shikola sindinapondeko. Zilembo ndinazitola m'buku la nyimbo ndi pa matumba a adubu, feteleza uja. M'kope muno ndimalemba pa liwiro langa, palibe wondithamangitsa. Mu foni ndikamamaliza mzere umodzi, anzanga agulitsa kale. Akaletsa mawu, ife akale atitsekera kunja.

Maganizo anga:
1. Ma awudiyo akhale.
2. Moni ayambe, nkhani pambuyo.
3. Wotuluka m'gulupu azitsazika. Si nkhuku.

Koma sindinena lero. Pa msonkhano uliwonse wa asosiyasau ndimayankhula pomaliza, nkhani n'kutha. Apanso chimodzimodzi. Ana ayambe.

Lachiwiri

Ana ayambadi. Ena akuti mitengo ikhomedwe pamwamba, isamakwiriridwe. Ena akuti zithunzi za maluwa za m'mawa zithe. Wa maluwayo wayankha ndi duwa lina. Wina akuti wogulitsa nkhunda akatsegule gulupu lake.

Maganizo abwino ndithu. Ana athu ali ndi mitu, tithokoze Mulungu.

Masana kwati zii. Ndakwera chulu, ndakonza kukhosi, chala pa batani. Ndapereka moni kwa a Maseko, a Jere, a Phiri, ndili pakati pa a Banda, foni yati ting! Wina wafunsa ngati shapa ya ku Ulongwe yadutsa. Ndafufuta. Sindingatseke nkhani wina akufunsa za galimoto.

Lachitatu

Katatu ndayamba, katatu ndafufuta.

Ndazindikira vuto. Msonkhano wa pansi pa mtengo umatha chifukwa dzuwa limapendeka, njala imaluma, miyala imapweteka pokhalira. Mu foni mulibe dzuwa. Munthu amayankhula ali chigonere, atakhuta.

4. Gulupu likhale ndi nthawi yoweruka.

Mayi a kunyumba, a Nangozo, andipeza pa chulu ndi bulangete. Zikomo kwa iwo, mphepo ya ku Lifidzi si yocheza nayo. Akuti, "Bambo, mungonena. Mmenemo mulibe mpando wa akulu." Ndawauza kuti mpando ndimayenda nawo. Atenga khasu, apita kudimba.

Lachinayi

Ndapalasa njinga mpaka kwa Lusiyano, kufupi ndi Fonte Boa. Wandilandira bwino, mpando, tiyi, mwana woleredwa ameneyu. Ndamupempha auze anthu akhale chete kuti ndiyankhule.

Akuti batani lotseka pakamwa lilipo, koma limatseka onse, ndi ine ndemwe. Loti litseke onse kusiya malume ake kulibe.

5. Batani limenelo lipangidwe.

Akuti, "Amalume, ndiuzeni pano, ndikalemba m'dzina lanu." Ndakana. Pakamwa ndili napo. Wondinenera ndidzamufuna tsiku la maliro anga.

Wandiuzanso kuti ofuna kuletsa ma awudiyo akuchuluka, ndipo wotsutsa sanamveke ndi mmodzi yemwe. Wandimangira kabichi awiri pa kaliyala. Ndabwera nawo, akulu bwino.

Lachisanu

Lero ndaona chinthu.

Pamwamba pa gulupu pamatuluka timawu tosonyeza kuti uje akujambula mawu. Ndawerenga pang'onopang'ono: a Chisale. Tatuluka, tazima. Tatulukanso, tazimanso.

Ndakweza maso. Kutsidya kwa dambo, pa chulu chawo, a Chisale ali chilili, chipewa chaubweya, foni kukamwa. Ndi akulu anzanga aja, amanena kuti anabadwa ine ndisanabadwe, chonsecho mano ndinayamba kugweluka ndine, mudzi wonse ukudziwa. Mapepala tilibe tonse. Pa misonkhano amakhala chete poti ndimawayang'ana. Mu foni apeza podzukira. Nawonso akudikira kutseka nkhani!

Ndiye kuti nawo akhala akuona dzina langa likutuluka ndi kuzima chiyambire Lachiwiri.

6. Timawu toulula munthu asanayankhule tichotsedwe.

Ndawakwezera dzanja. Akweza lawo. Palibe watsika.

Chakumadzulo kwalowa awudiyo kuchokera pa foni ya a Naphiri, oyandikana nafe dimba. Ndatsegula. Mawu ndikuwadziwa, ndakhala nawo nyumba imodzi chibadwire ana athu onse. Opanda ndi moni yemwe:

"Ndine Nangozo. Ife zilembo tilibe, tili ndi pakamwa. Kachewere amene mukulemberana mitengo yakeyo timakumba ndife. Mukatseka mawu mutiuze kokagulitsa. Ndatha, madzi akundithawa mu mgula."

Pansi pake tizala ta m'mwamba mbwee. Ndatsika, ndapita kunyumba. Ndiwo zinali za kabichi wa Lusiyano, zokoma.

Loweruka

Pa chulu chiyambire mame. A Chisale pa chawo.

Nzeru ndi iyi: ndiyambe dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo, kuti iwo asapeze mpata pambuyo panga. Ndayang'ana mthunzi wa mtengo wa pichesi. Utafika pa mwala, ndakanikiza.

Moni kwa a Maseko, a Jere, a Phiri, a Banda, a Ngozo akwawo kwa mayi a kunyumba, a Mbewe, a Chisale omwe, poti ulemu ndi ulemu. Kuthokoza Lusiyano. Kuthokoza amene anatichenjeza za chiwawu. Kupepesa a Mbewe za ng'ombe yawo. Kenako mfundo zonse zisanu ndi imodzi, bwinobwino, ndi mwambi pa iliyonse. Sindinayankhulepo mokoma chotere.

Ndachotsa chala. Foni yakana. Gulupu latsekedwa, woyankhula ndi sekeretaryo yekha.

Kutsidya a Chisale akugwedeza foni yawo, akuyikweza kumwamba, akuyipukuta pa jekete. Mthunzi wawo unawanamizanso.

Mbuzi zokha ndizo zamva. Imodzi inaima mpaka pa mfundo yachinayi.

Lamulungu

Titatuluka m'tchalitchi Lusiyano watsegula gulupu, walengeza ndi pakamwa pake, osati zolemba. Mitengo ikhomedwa pamwamba. Maluwa Lamulungu lokha. Wa nkhunda akhale, anthu ena akuzifuna. Ma awudiyo atsala, chifukwa cha mawu a mayi Nangozo.

Wathokozanso akuluakulu awiri, ine ndi a Chisale, ati takhala chete sabata yonse kuti ana aphunzire kukonza zinthu okha. Tizala mbwee. Pabwalo la tchalitchi anthu akundigwira chanza ndi manja awiri. Ndalandira. A Chisale nawo alandira, osandiyang'ana.

Ndikuthokoza. Sananditsekere kunja. Mayi ndawagulira mpango pa msika.

Koma pali lamulo latsopano: awudiyo isapitirire minutu imodzi.

Ndayesa kuseri kwa khola, mayi atagwira wotchi. Moni wanga yekha ndi minutu ndi theka.

Palibe kuchitira mwina, wina achoke pa moni. Ndayamba ndi kuchotsa a Chisale.