Nkhokwe ya Ampulifaya

Pakati pa Namitete ndi Nambuma, m'zaka zija za Chitaganya, panalibe munthu wodziwa kusunga chuma kuposa ine. Zimenezi ndinkazinena ndekha, pafupipafupi, ndipo sindikumbukira kuti alipo amene anandithandizapo kuzinena. Umboni wanga unali woti ndinakhalako ku koleji ya aphunzitsi. Sindinamalize ayi (ine ndi akuluakulu a kumeneko tinasiyana maganizo pa nkhani ya mayeso, iwo ankafuna mayankho awo, ine ndinkalemba anga), koma ndinachokako ndi mawu angapo ataliatali komanso chikhulupiriro choti anthu wamba amataya ndalama chifukwa amagula zinthu zoti azigwiritsa ntchito.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Nsaru. Kwathu ndi ku Kabudula. Amene anakhalapo pachikamwini akudziwa kuti munda ndi wa eni, nyumba yakhala pa dothi la eni, ana ndi a eni, iwe chako ndi khasu. Chaka chimenecho fodya ndi mtedza zinachita bwino, ndipo banja lonse linagwirizana kuti mkazi wanga, Nabanda, timugulire makina osokera. Anali ataphunzira kusoka kwa amayi a kumpingo, ndipo ankasoka ndi singano yapamanja mpaka zala kutupa. Apongozi anga aakazi anaponyapo za mtedza wawo. Mlamu wanga Gidiyoni, mlongo wake wa Nabanda, yemwe ndiye anali mwinimbumba, anaponyapo za fodya. Ndalamazo anazimanga pampango n'kundipatsa ine, poti ndine ndinkatha kuwerenga zolemba za pamakina.

Ndinauyatsa wa ku Lilongwe pa njinga ya Gidiyoni. Ndikanangolunjika. Koma ndinali nditamva kuti ku Namitete kwabwera mtchona wina, a Mbewe, wochokera ku Halale ndi katundu wogulitsa, ndiye ndinati ndikhotere kumeneko, mwina ali ndi makina otsika mtengo.

Makina analibe. Anali ndi jasi, zipewa, ndi mabokosi awiri okutidwa ndi nsalu kumaso.

"Amenewa ndi mawayilesi?" ndinafunsa.

"Ampulifaya, achimwene," anatero a Mbewe. "Ku Halale ndinkaimba besi, gitala wamkulu uja wa mawu apansi. Umalumikiza chingwe apa, mawu n'kumatulukira apa. Ukangokhudza nsambo imodzi, malata a holo yonse amanjenjemera."

"Nanga mukugulitsiranji?"

"Zimafuna magetsi izi. Kuno ndilumikiza pati, pa mtengo wa mango?"

Apa m'pamene maphunziro anga anadzuka. Ndinaganiza chonchi, ndipo muone ngati pali cholakwika. Makina osokera amapukusidwa tsiku ndi tsiku, amaperepeseka, mtengo wake umatsika. Ampulifaya ayi. Dziko lino silipanga ampulifaya, anyamata a m'tauni ayamba mabandi, ndiye mawa adzaifuna. Chachikulu n'choti kumudzi kwathu kulibe magetsi, kutanthauza kuti palibe amene angaiwononge poiliza. Kusowa kwa magetsi, komwe a Mbewe ankakuona ngati vuto, ine ndinakuona ngati mlonda. Ndikaisunga chaka chimodzi, ndidzagula makina, mwina ndi mpando wake womwe.

Chinatsala n'kusankha. Ina inali yaing'ono, yokalikakalika, chogwirira chake chomanga ndi waya, yotsika mtengo. Imeneyo ndinaikana, chifukwa munthu wodzagula mawa amayamba ndi maso. Inayo inali yaikulu, makona ake otchinga ndi zitsulo, nsalu yakumaso yosang'ambika, ndipo pamphumi pake panali dzina la zilembo zasiliva. Ndinaigogoda mbali zonse ngati dzungu. Ndinainunkhiza. Ndinainyamula n'kuona kuti ikulemera, ndipo pa zinthu za azungu kulemera ndiwo mtengo.

"Kodi imalira?"

"Ku Halale inkalira."

Yankho limeneli linandikwanira. Mtengo wake unangofanana ndendende ndi zomwe zinali pampango, zimene ndinaziona ngati chizindikiro chochokera kumwamba (patapita zaka m'pamene ndinakumbukira kuti mpangowo ndinali nditaumasula kale pamaso pawo).

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Nabanda anali atazira kale pakona pomwe makinawo adzakhale. Anandilandira njinga, anamasula zingwe, anayang'ana bokosilo kutsogolo, analiyang'ana kumbuyo.

"Bambo a Esitere, popukusira pali pati?"

Ndinafotokoza zonse, ndi mawu anga ataliatali aja. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anabereka mwana n'kupita kwa amayi ake. Apongoziwo sakanabwera kudzandifunsa, chifukwa mwa mwambo wathu ine ndi iwo sitinkayankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira uku, ine uko, n'kupatsana moni titayang'ana kutchire. Amene anabwera ndi Gidiyoni. Analizungulira bokosilo, anasuzumira pansalu paja.

"Alamu, mwagula njuchi?"

"Ndi ampulifaya."

"Imaikira mazira?"

"Imasunga mtengo."

"Eti." Anakhala pansi n'kuvula chipewa. "Alamu, ine ndimakukondani. Mumandiseketsa. Koma mtedza wa chaka chamawa ukamalowa m'nkhokwe, mlongo wangayu akhale akusoka pa makina. Apo ayi, ndidzakuperekezani ndekha mpaka ku Kabudula, pa njinga yomweyi, ulere."

Anaseka ponena, inenso ndinaseka, koma tonse tinadziwa kuti mawu athera pamenepo.

Tsopano nkhani inali kasungidwe. M'nyumba ndinakana chifukwa cha utsi ndi zala za ana. M'chigafa cha fodya ndinakana chifukwa cha utsi womwewo. Ndiye ndinaganiza zoti chinthu chamtengo wapatali m'mudzi, monga mtedza wa mbewu, amachimata m'kankhokwe. Ndinadula mitengo kudambo, ndinaluka kankhokwe kuseri kwa nyumba, ndinaikulunga ampulifaya m'masaka, ndinaiika m'katimo, n'kumata dothi mbali zonse ndi pamwamba pomwe. Kadenga kake ndinafolera bwino kuposa nyumba yomwe tinkagonamo. Anthu anakatcha nkhokwe ya aphunzitsi, ndipo ana ankadutsa patali poganiza kuti muli mankhwala.

Mvula itayamba, Nabanda anabwera ndi lichero la phulusa.

"Ndithire m'miyendo mwa nkhokwe yanuyi, monga ndathira kwa zinzakezi."

"Nabanda, m'menemo si mtedza. Phulusa ndi fumbi, ndipo fumbi ndi mdani wa zipangizo."

"Chabwino, aphunzitsi."

Nabanda akanditchula kuti aphunzitsi ndiye kuti zinthu sizili bwino, koma nthawi imeneyo ndinkayesa ulemu. Ndinalamula kuti wina asayandikepo, ndipo lamulo limeneli ndi lokhalo lomwe mudzi uja unandimverapo.

Mvula itatha ndinapita ku Lilongwe kukafuna wogula. Ndinampeza mosavuta, zimene zinandiwonjezera matama. Anali a Dauda, telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye, amene Loweruka ankatsogolera bandi m'holo ina ya magetsi. Ndalama analibe, koma anali ndi makina awiri, ndipo anati ampulifayayo ikalira, makina amodzi ndi anga. Tinapangana kuti ndibwere nayo sabata yotsatira.

Tsiku lotsegula ndinaitana anthu (ili ndi limodzi mwa maganizo anga omwe ndikanatha kuwasiya). Ndinayankhulapo mawu pang'ono okhudza kuleza mtima. Kenako ndinagumula dothi lija ndi kakhasu. Masaka sindinawapeze. M'malo mwake munali dothi lina, lofiira, lomwe sindinamate ine. Koma bokosi linali chilili, makona ake akuwala, ndipo mtima unakhala pansi. Ndinagwira chogwirira n'kunyamula. Chogwiriracho chinabwera chokha. Nditagwira m'mbali, chala chinalowa ngati m'phala. Chiswe chinali chitakwera ndi miyendo ya nkhokwe, chitadya matabwa onse m'kati n'kusiya chikopa chakunja kuti chiziimirira mwaulemu. Zotsala zinali chitsulo chokhala ndi mababu, mawaya, ndi chimbale chotulutsa mawu, chomwe chipepala chake chakuda chiswecho chinangochilawa m'mphepete n'kuchisiya.

Gidiyoni anawerama n'kutola kanthu m'dothimo, anakapukuta pa kabudula, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Alamu, dzina lasiliva lija ili. Limeneli sanadye."

Madzulo ake, anthu akubwera kumadzi, ndinalowa m'nyumba n'kuyamba kupinda mphasa. Ndinkafuna kuchoka ndekha, osadikira njinga yaulere. Esitere ankandithandiza kupinda poyesa masewera, ndipo pamenepo nthabwala zinandithera. Nabanda anaima pakhomo.

"Mphasayo ndi ya amayi."

Ndinaiyalanso.

Tili choncho tinamva kutsokomola kuseri kwa khoma. Anali apongozi. Anakhala pansi kunjako, atafulatira nyumba, ndipo anayamba kuyankhula ndi mwana wawo mokweza ndithu, ngati kuti ine ndili ku Kabudula kale.

"Make Esitere, ukawaona bambo a kunyumba kuno, uwauze kuti kuseri kwanga kuli matabwa a mlombwa. Gidiyoni akatenge mawa."

"Amayi, si a chitseko chanu amenewo?"

"Chitseko cha bango chandisunga zaka zonsezi, sichikana chaka china. Uwauzenso kuti kuno munthu sachoka chifukwa cha chiswe. Chiswe chinadyapo aliyense. Koma phulusa azilola."

Matabwa amenewo ankawagula limodzilimodzi kwa ocheka matabwa, chaka ndi chaka, kuti tsiku lina adzagone m'nyumba ya chitseko chenicheni. Mwambo sunkandilola kutuluka kukawathokoza. Ndinagwada m'nyumba momwemo n'kuwomba m'manja moyang'ana khoma, ndipo ndikukhulupirira kuti anamva.

Gidiyoni anagwira ntchito ndi mtima wonse. Vuto linali limodzi. Pa moyo wake wonse, chinthu chokhacho chimene anakhomapo ndi matabwa chinali mabokosi a maliro, ndipo manja ake sankadziwa njira ina. Bokosi la ampulifaya linatuluka lotambalala kumapewa, lopanikiza kumiyendo, la msinkhu wa mwana woyamba kuyenda. Kumaso anaboola chibowo chachikulu n'kutchingapo nsalu yoyera ya Nabanda. Dzina lasiliva analikhoma pachivundikiro.

"Alamu, simukanalipanga lamakona anayi?" ndinafunsa.

"Ndinayesa. Likungobwerera lokha."

Ulendo wa ku Lilongwe sindidzauiwala. Bokosilo ndinalimanga pakaliyala mopingasa. Amuna ankavula zipewa. Amayi ankatula mitolo ya nkhuni n'kugwada m'mphepete mwa msewu. Ndikati ndifotokoze, mawu oti ampulifaya ankawayesa dzina la matenda. Pa mtsinje wina, nditatsika kuti ndikankhe njinga, mayi wina wachikulire anandigwira dzanja n'kundifumbatitsa kobiri.

"Pepani, bambo. Mulibe ndi mbale yemwe wokuperekezani?"

Ndinalandira. Kubweza chipepeso n'kusowa khalidwe.

A Dauda atandiona anaimitsa makina n'kuimirira.

"Zachitika liti?"

"Ndi ampulifaya ija, bambo."

A Dauda anatumiza uthenga kwa woimba besi wawo, ndipo tinanyamula bokosilo kupita nalo kuholo, anthu akutipatukira. Analumikiza. Poyamba panalibe kanthu. Ine ndinayamba kuganiza za msewu wa ku Kabudula, zitunda zake ndi mchenga wake. Kenako mababu aja anafiira pang'onopang'ono, munatuluka kafungo ka dothi lowauka, chiswe china chotsalira chinatuluka chothawa, ndipo woimbayo anakhudza nsambo. Mawuwo sindinawamve ndi makutu. Ndinawamva m'mimba ndi m'mano. Malata ananjenjemera monga ananenera a Mbewe, munthu amene ndinali nditamunenera zoipa njira yonse.

"Mawu ndi abwino," anatero a Dauda. "Thabwa limeneli ndi lolimba, likuyankha. Koma sindingaike chinthu ichi kutsogolo kwa anthu ovina. Ayamba nyimbo za maliro. Penti wofiira mugula ndinu, ndipo mupaka ndinu."

Ndinapaka, kawiri.

Makina amene ndinabwera nawo anali akale, opukusa ndi dzanja, golide wa maluwa ake atafufutika. Nabanda anawapukusa kamodzi, anamvetsera kulira kwake, n'kunena kuti ali bwino. Chinthu choyamba kusoka chinali nsalu yochindikala yotchinga pakhomo pa amayi ake, kuti mphepo ya mwezi wa Juni isamalowe m'mabango. Gidiyoni sanatchulenso za Kabudula, kupatula pamowa, pa maukwati, ndi nthawi iliyonse pakabwera mlendo.

Alipo anthu, ena a m'banja momwemo, amene amati pa malonda amenewa ndinaluza. Amati makinawo akanakhala atsopano. Amati Nabanda anataya chaka chathunthu akusoka ndi zala, apongozi anataya matabwa, Gidiyoni anataya misomali ndi masiku olima. Zonsezo n'zoona, ndipo anthu atatu amenewa ndimawathokoza mpaka lero, chifukwa anandisunga pomwe anali ndi chifukwa chokwanira chondithamangitsira. Chitseko cha apongozi ndinadzawakhomera patapita zaka ziwiri, koma imeneyo ndi nkhani ya ulemu, si ya malonda.

Pa malonda penipenipo ndimaimabe pomwe ndinaima. Ampulifaya yosankhidwa bwino imasunga mtengo, ngakhale itadyedwa. Penti uja anali wa sheleni imodzi ndi makobiri asanu ndi limodzi. Mukachotsapo kobiri la chipepeso, zonse zimene ine ndinatulutsa m'thumba mwanga ndi sheleni imodzi ndi makobiri asanu.