Nsanamira Zanga ndi Mtondo wa Apongozi

Lolemba

Ndaganiza. Khonde langa likufunika nsanamira ziwiri zoyera, zachiuno, ngati za nyumba za mabwana ku Blantyre. Zabulugamu zomwe zilipozi chiswe chayamba kuchitiramo misonkhano.

Za simenti ayi. Ine pano ndine mkamwini. Chilichonse cha simenti pamudzi pa akazi ako, tsiku lokuthamangitsa umachisiya ukuchiona. Zanga zikhala za faiba: zopepuka, zamphako, zoti n'kumanga pa njinga. Sikuti ndikuchoka. Koma munthu anapita ku yunivesite amaganizirako za mawa.

Ku Limbe amapanga munthu akaoda, koma ine ndaonera pa foni mmene amachitira. Upeze chinthu cha maonekedwe omwe ukufuna, uchipake polishi, uchikute ndi nsalu ya faiba yonyowetsa ndi rezini, chiume, uchisolole. Chigoba chotsalacho ndiye chikombole, moumbiramo nsanamira yeniyeni. Basi!

Ndabwera nazo: rezini wonata ngati uchi, nsalu ya faiba, kabotolo ka mankhwala oumitsira, burashi, polishi wa pansi.

Lamulungu abale anga a ku Namadzi akubwera kudzaona nyumba. Adzaone.

Lachiwiri

Kusaka chinthu chachiuno choti ndikombolerepo tsinde la nsanamira. Ndowa: yonyozeka. Ng'oma ya kwaya: akatekisi sangalole. Kenako maso agwera pa mtondo wa apongozi. Kumtunda kotakata, pakati popyapyala, pansi pokhazikika. Aroma enieni akanaombera m'manja.

Ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso, uthenga umadzera kwa mayi a Tadala. Yankho labwera: "Akuti tengani, koma ubwerere Loweruka. Akufuna kusinja mtedza wa alendo anu omwewo."

Ndaupaka polishi kangapo. Ukuwala kuposa nsapato zanga za pa ukwati.

Lachitatu

Ntchito yayamba. Kudula nsalu, kuyala, kunyowetsa, kupsinja mpweya ndi botolo. Ndakuta kunja konse, kukamwa kokha ndasiya.

Fungo! Nkhuku zasamukira kwa aneba popanda kutsazika. Mikono ikuyabwa ngati ndagona m'chitedze. Pa foni paja mzungu uja anavala magolovesi, ine ndimayesa ndi matama.

Madzulo chiperoni chatsika m'phiri. Kamvula kosanyowetsa, kongozizira.

Lachinayi

Sichinaume. Rezini, ndamva tsopano, sagwirizana ndi chisanu. Zomwe zamatirirapo usiku: nthenga ziwiri, tsamba la mpoza, ubweya wa mbuzi yosadziwika.

Ndayalanso nsalu ina pamwamba, mankhwala oumitsira ndathira mowolowa manja. Posakhalitsa chinthu chatentha, kautsi kakufuka. Mphaka wabwera kudzaotha.

Alamu anga a Fabiano, mchimwene wa mayi a Tadala, aima chapatali, manja kumbuyo: "Alamu, chikapsa mutigawireko."

Sindinayankhe. Sayansi siyankha aliyense.

Lachisanu

Chauma! Gwa ngati mwala. Ndagogoda ndi chala, chikulira bwino.

Kusolola mtondo: ayi. Kuugwedeza: ayi. A Fabiano agwira kumunsi, ine kumtunda, takokana mpaka m'munda wa nyemba. Mtondo uli phee m'jekete lake latsopano.

Ndagula bandulo ina kuti ndimalize kuonera, paja Lolemba inathera pakati. Pomwe inandithera pomwepo, mzungu akunena modekha kuti chinthu chachiuno chikombole chake chimapangidwa mbali ziwiri zomanga ndi mabawuti. Sichivulidwa ngati sokosi.

Mayi a Tadala: "Ndiye amayi ndikawauze kuti chiyani?"

Ndati akawauze kuti ntchito ili pa gawo lomaliza.

Loweruka

M'mawa ndabwereka sowo yodulira zitsulo. Ndangoiika pa chiuno cha mtondo, kumbuyo kwanga kwamveka kutsokomola. Apongozi. Aima cham'mbali, akuyang'ana mtengo wa mango, akuyankhula ndi mwana wawo ngati ine ndili ku Mozambiki.

"Uwauze bambo a Tadala kuti mtondo umenewo anandisiyira ndi mayi anga. Sowo isaukhudze."

Ndagwada. Sowo ndabisa kumbuyo ngati sanaione.

Augubuduza okha mpaka kwawo, jekete ndi nthenga zomwe. Tsiku lonse ndakhala m'nyumba, kuwerengera m'mutu zomwe zingakwane pa njinga: matiresi, mabuku, digiri. Masana kwamveka thi! thi! thi! Ndayembekeza mfuu. Palibe.

Lamulungu

Abale afika. Akhala pa khonde, atsamira nsanamira za bulugamu, chiswe chikuwamvetsera. Nyumba aiyang'ana pang'ono. Chomwe apita kukazungulira ndi mtondo. Unali ndi mng'alu wakalekale womwe umadya nsinjiro, pano watsekeka. Achemwali anga akuusisita: "Koma ndiye ngati wa ku sitolo!"

Titaweruka ku Misa, pakhomo panga pali mitondo itatu, beseni long'ambika ndi chitseko cha bafa la akatekisi. Amayi a kwaya akuti amva kuti ndimamata.

Uthenga wa apongozi wadzera njira yake yomwe ija: "Akuti mkamwini wotere sachoka pamudzi. Akuti mawa muyambe ndi mtondo wa azakhali."

Rezini watsala theka. Nsanamira sangakwane. Mitondo akwana.

Ndikagule magolovesi.