Zilembo Zitatu pa Envulopu

Dilu yonse inachokera pa envulopu imene Cuthbert Pargeter anatola pafupi ndi positi ofesi ya ku Skipton. Anzake ankamutcha Profesa chifukwa ali kundende anawerenga dikishonale mpaka pa chilembo F, ndipo chichokereni kumeneko sankafuna kutsutsidwa. Masana amenewo mu bala anakankha matambula a mowa n'kuiyala patebulo.

"Werengani apa. H. Birtwistle, Esq. Ameneyu ndi Esikwaya, amangwetu. Talemera."

Mlamu wake Wilf Tapsell, wotchedwa Zala, mtima sunali m'malo. Mkazi wake Doreen anali atamuuza kuti akadzangomangidwanso, adzapeza katundu wake panja, loko atasintha. Wilf ankamukonda Doreen, koma kumuopa ndiye kunali kwakukulu.

"Esikwaya n'chiyani, alamu?"

"Umbuli udzakupha iwe. Mawuwa anabwera ndi Afalansa, tanthauzo lake wonyamula chishango. Kale msilikali wapakavalo akamapita kunkhondo, wina wa kubanja lapamwamba ankamunyamulira chishango. Pambuyo pake linasanduka dzina la eni minda ikuluikulu. Ndiye munthu wotere angataye chishango cha makolo ake? Chili m'nyumbamo, cha siliva."

Norris, amene ankamutcha Bakha chifukwa cha mayendedwe, anawomba m'manja. "Ndinu shasha, Profesa." Bakha ankavomera chilichonse malinga wina akugula mowa.

Atatuwo anapita kukaba chishangocho tsiku la msika dzuwa lili paliwombo, atadzipaka malasha kumaso, atanyamula maburashi ngati osesa machumuni otulutsira utsi m'nyumba. Nyumba ya a Esikwaya inali ya zipinda ziwiri, kabichi atadzala mpaka pakhomo.

"Alamu, ndi pano zoona?"

"Olemera enieni sadzionetsa, aise. Tiye."

Mayi Clegg oyandikana nawo anasuzumira pampanda. "Mukufuna ndani, abambo inu?"

"Atituma a Esikwaya Birtwistle kuti tiwasesere chumuni, mayi," anatero Profesa atavula chipewa.

Mayiwo anawayang'ana nthawi yaitali. "Horace wakutumani kusesa chumuni? Oho." Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala jasi, ulendo wa kumsewu. Profesa anati waona, dzina lokhalo lawathawitsa.

M'kanyumba ka kuseri anapeza thumba, m'kati muli chinthu chozungulira, cholemera, chogwirira chili pakati. Profesa anachigogoda, chinalira ngwe! Anasenzetsa Wilf. Thumbalo linkatayira fumbi lakuda njira yonse, koma Profesa anati limenelo ndi fumbi la zaka mazana asanu, ogula amalikonda.

Asanamalize n'komwe tambula yoyamba, wapolisi Ackroyd analowa mu bala muja maso ali pansi, akutsatira mzere wa mwaye umene unathera pa nsapato za Wilf. Anamasula thumba, n'kutulutsa chivundikiro cha mgolo.

"Horace Birtwistle wakhala akusesa machumuni onse a m'tauni muno zaka makumi atatu," anatero Ackroyd. "Inu mwa nyumba zonse munasankha yake."

"Koma ndi Esikwaya, bwana," anatero Profesa. "Envulopu nayi."

Ackroyd anaitembenuza. "Iyi ndi ya kusitolo ya mbewu za kabichi. Masiku ano amalemba choncho kwa mwamuna aliyense amene ali ndi keyala. Dikishonale yakoyo sinanene?"

Inanena ndithu, koma m'munsi, ndipo Profesa sankawerenga zam'munsi.

Atawatulutsa kupolisi kuti adikire mlandu, Wilf anayenda pang'onopang'ono kupita kwawo, akuloweza mawu opepesera. Anapeza sutikesi yake pakhonde, loko watsopano akunyezimira. Zinamupweteka kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti Doreen sabwereza mawu.

Zenera linatseguka pang'ono. Doreen anatulutsa dzanja, n'kumupatsa kalata yochokera kwa loya wa zothetsa maukwati. Pa envulopu panalembedwa bwinobwino: Wilfred Tapsell, Esq.

"Kalata yanu iyo, a Esikwaya," anatero Doreen. "Nyamulani katundu wanu. Paja kunyamula ndiye udindo wanu."