Netiweki ya Mana Rozina

Lolemba

Kope latsopano, bolopeni yatsopano, ntchito yatsopano!

Rauta ya intaneti ija yafika. Esinati, mwana wathu wa ku Blantyre, wabwera nayo dzulo, waikamo bandulo ya mwezi wathunthu, m'mawa uno wabwerera. Kabokosi koyera, timagetsi tinayi tobiriwira, tinyanga tiwiri ngati ta nkhono.

Nkhani yake ndi iyi. Amake Esinati ali ndi mkulu wawo ku Mozambique, amene amamutchula kuti Mana Rozina. Anathawa nkhondo limodzi ali atsikana. Nkhondo itatha wamkuluyo anabwerera ku Guruwe, wamng'onoyu anatsala kuno chifukwa cha ine. Sindikudzitama, ndi mmene zinalili. Chisiyanirane pa maliro a mayi awo, Esinati akuyamwa, sanaonanenso. Pa foni amangomvana mawu. Tsopano mwana wa Rozina, namwino, akupita kumudziko Lamulungu lino ndi foni ya vidiyo, m'mawa mwake abwerera ku ntchito. Tapangana 3 koloko masana. Mwayi wake ndi umodzi womwewu.

Esinati wandisonyeza poyezera mu foni yanga. Ukadina, kasingano kamakwera ngati ka pa sikelo, n'kukuuza liwiro la intaneti, mamega angati. Kundionetsa ine zimenezo! Munthu amene ndayeza masamba a tiyi ku esiteti zaka makumi atatu osaphonya ndi theka la kilo lomwe!

Ndondomeko:
1. Kuyeza chipinda chilichonse.
2. Malo alionse katatu, mmene tinkachitira ndi dengu lokayikitsa.
3. Lamulungu awiriwa aonane bwinobwino, mpaka makwinya.

Pabalaza: 8, 7, 9. Chiyambi chabwino!

Amake Esinati akuti: "Netiweki ili pachulu, kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Azimayi tonse timaimbira pamenepo." Ndaseka mpaka kutsokomola. Sayansi ya pachulu!

Lachiwiri

Tsiku lonse pa ntchito. Ndikumva ngati ndabwerera pa unyamata.

- Pabalaza, pa tebulo: 8
- Pabalaza, pansi pa tebulo: 5
- M'kabati, chitseko chotseka: 2
- Kuchipinda, pa bedi: 6
- Pamwamba pa wadiropu, pafupi ndi zenera: 12!
- Kubafa: 10. Koma munthu sungalandirire mlamu wako kubafa.

Zimene ndapeza: khoma la njerwa limadya netiweki. Makoma awiri amadya kawiri. Zenera loyang'ana ku nsanja ya netiweki ya ku Chinakanaka ndi bwenzi. Ndikaima ine pakati pa rauta ndi foni, mega imodzi imasowa. Mimba imeneyi ndimaidziwa kale kuti ndi yodya zambiri.

Ndayeza maulendo makumi anayi ndi awiri. Mizere ndalemba ndi rula.

Amake Esinati: "Mwakwera pa mpando wanga wa alendo ndi nsapato." Zoona. Koma 12!

Lachitatu

Chiperoni! Phiri lonse lasowa, nsonga ya Chambe sikuoneka, mvula yowaza yosatha, kuzizira kolowa m'mafupa. Pa wadiropu paja lero 6. Nkhungu nayonso imadya.

Nanga Lamulungu kukadzacha chonchi? Munthu wanzeru amakonzekeratu.

Nzeru: rauta ikwere pamwamba kuposa malata. Nsungwi yaitali, nthambo ya magetsi, jumbo ya shuga yoti isanyowe, luzi. Ndatulutsira pa zenera, ndaimika.

14! Mu chiperoni! Ndavina ndekha pakhonde, bondo lamanzere likudandaula.

Vuto: nsungwi ija ndi ya pa chingwe choyanikira zovala. Zovala zonse pansi, m'matope, pamodzi ndi nsalu imene amake Esinati asungira Lamulungu. Ndachapa ndekha. Mai Nampinga, aneba athu ogulitsa zitumbuwa, andipeza manja ali mu beseni. "Intaneti yake yafika pochapa, abambo?" Ndangopitiriza kuchapa.

Madzulo mphepo, nsungwi ikugwedezeka, kasingano nako kakugwedezeka: 14, 3, 11, 4. Khwangwala watera pa jumbo, akujompha tinyanga. Ndatsitsa. Rauta yabwerera pa wadiropu.

Miyeso ya lero: makumi asanu ndi limodzi.

Lachinayi

Dzuwa lawala, phiri labwerera pamalo pake, kumwamba kuli mbee. Pa wadiropu: 2.

Ziwiri!

Ndayezanso. 2. Ndapukuta fumbi, ndazimitsa, ndayatsa. 3. Ndatembenuza tinyanga. 2. Ndatuluka thukuta m'nyengo yozizira.

Kenako kuseka pakhonde lakuseri. Ndasuzumira. Azimayi asanu ndi mmodzi a kwaya, ati akusenda nandolo. Lichero pamiyendo, foni pa lichero, nandolo zosendedwa sizikwana ndi dzanja lomwe. Mai Nampinga akuonera vidiyo ya mkwati wovina. Wina akukopera nyimbo. Chikhalire pano sitinakondedwepo chonchi!

Pasiwedi awapatsa ndani? Amake Esinati, osabisa n'komwe. "Nanga akabwera kudzapala moto mumawakaniza? Anthu amene anatiphikira pa chinkhoswe cha Esinati?"

Ndafotokoza mwaulemu kuti intaneti ili ngati mpopi umodzi, zidebe zikachuluka madzi amangodontha. Ndasintha pasiwedi. Mmodzimmodzi akunyamula malichero.

Mai Nampinga, pomanga nsalu: "Zikomo abambo. Tamva."

"Tamva" ameneyo sanandikomere. Koma kasingano kalumpha: 13, 14, 13. Manambala sanama.

Lachisanu

Pazenera palibe zitumbuwa. Zaka zonsezi Mai Nampinga amasiyapo ziwiri m'mawa akamapita kumsika. Tiyi wopanda chomwera.

Amake Esinati akundiyankha ndi mawu amodziamodzi. "Eya." "Ayi." "Funsani rautayo."

Koma 15 pa wadiropu! Kasanu kotsatizana!

Masana kuyeserera: ndaimbira Esinati pa vidiyo. Chithunzi ngati galasi! Akuti: "Ababa, tasunthani pang'ono, ndikungoona mphuno." Ndamusonyeza kope, tsamba ndi tsamba. Wayamba kuti, "Ababa, komatu musamangoyezayeza, chifukwa..." Ndamudula. Ana a masiku ano! Ukawaphunzitsa amafuna akuphunzitse kugwira sikelo.

Kwalowanso uthenga wautali wa Chingerezi wochokera ku kampani ya netiweki. Malonda basi. Ndafufuta osawerenga.

Funso latsopano: kodi ola limasintha liwiro? Mawa kuyeza ola lililonse.

Loweruka

- 6 koloko m'mawa: 15
- 9 koloko: 13
- 12 koloko: 10
- 3 koloko masana: 12
- 6 koloko madzulo: 7. Mudzi wonse uli pa foni, nsanja yalemedwa.

Ola lililonse katatu, pena kasanu pofuna kutsimikiza. 3 koloko ndi nthawi yabwino. Rozina anasankha ngati anaona kope langa.

Ndakonza malo. Mpando wa alendo kuchipinda, moyang'ana zenera kuti nkhope iwale. Foni yatsamira pa chitini cha ufa wa mkaka, pansi pake mabuku awiri a nyimbo. Ndayeza ndi tepi kuchoka pa mpando kufika pa foni.

Amake Esinati aluka tsitsi, asita nsalu ija. Ndawapeza aima pa galasi nthawi yaitali, akudzigwira masaya. Osatembenuka, motsitsa mawu: "Koma andizindikira? Ankandidziwa ndili ndi mano onse."

Mkazi ameneyu anasiya kwawo, abale ake, manda a makolo ake, n'kutsala ndi munthu wa sikelo. Ndamumvera chisoni, ndipo ndamukonda monga tsiku lija ndinamuona koyamba pamzere wa chigayo. Ndangoti, "Pa mamega 12 akuonani bwinobwino." Aseka, koyamba chiyambire Lachinayi.

Ndayezanso kawiri, kungosangalala.

Lamulungu

Kutchalitchi ulaliki sindinaumve. Maso pa wotchi.

2:30. Amake Esinati pa mpando, duku latsopano, manja pa maondo ngati mwana woyembekeza katemera.

2:55. Muyeso womaliza, wongotsimikiza. Kasingano kakukwera, 12, 14, 16! Sikanafikepo pamenepa sabata yonse! Kenako kaima. Kagwa. Ziro. Kagetsi kamodzi kafiira.

Ndaimbira Esinati. "Ababa, mwayeza kangati?" Ndawerenga m'kope: mazana atatu ndi khumi ndi kamodzi. "Ababa, muyeso uliwonse umadya bandulo. Ndi zimene ndimakuuzani Lachisanu zija. Uthenga simunalandire?" Akuti ali m'minibasi, atha kugula bandulo ina madzulo akatsika.

Bandulo ya mwezi, masiku asanu ndi awiri. Sanamalize ndi azimayi a kwaya, kapena chiperoni, kapena khwangwala. Woyeza wadya tiyi yense pa sikelo.

3:02. Amake Esinati sanakalipe. Angoyamba kumasula duku pang'onopang'ono. Bola akanakalipa.

Ndathamangira kwa aneba, bondo ndaliiwala. "Odi kuno!" Mai Nampinga pamkeka, akusenda nandolo zenizeni. Ndavula chipewa. Ndati ndabwera kudzapala moto.

"Moto wake uti, abambo? Si munati zidebe zachuluka?"

Andisiya ndaima choncho mpaka atamaliza nyemba imene inali m'manja. Kenako atulutsa foni m'kansalu, galasi long'aluka pakona. "Kabandulo kanga n'ka tsiku limodzi. Tiyeni pachulu. Ndipo musayeze!"

3:11. Pachulu, kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Netiweki ikugwira pokhapokha foni ikakhala m'mwamba, ndiye wamtali ndi ine. Ndaima pansonga, mkono m'mwamba, foni yoyang'ana pansi. Nsungwi ya Lachitatu ija lero ndine. Azimayi a kwaya afika onse, wowaitana sindikumudziwa.

Foni yaitana kawiri. Kenako chithunzi: mbuu, timabokosi, denga la udzu, khutu la munthu. Kenako nkhope ya mayi wokalamba, duku lopendekeka, ikuima, ikuyenda, ikuimanso.

"Mana!"

Uko chete. Ndati basi, netiweki yadula. Ayi, Rozina wagwira pakamwa. Kenako mawu odukaduka, m'Chilomwe, amake Esinati andimasulira pambuyo pake: "Ndimayesa ndikuona amayi. Wafanana nawo mpaka mano."

Kulira, kuseka, nthungululu pachulu ponse. Aonetsana imvi. Aonetsana mipata ya m'kamwa, kuwerengerana, Rozina wapambana ndi awiri. Andiuza nditembenuze foni kuti andione. Rozina akuti: "Uyu ndi uja woonda uja? Mwamudyetsa!" Nyerere zikundikwera m'miyendo, mkono wachita dzanzi, sindinautsitse mpaka kabandulo ka Mai Nampinga katatha.

Amake Esinati atsika pachulu akupukuta maso ndi nsalu imene ndinachapa ija. Podutsa andigwira mkono wa dzanziwo. "Wandizindikira," basi.

Pasiwedi ndailemba pa katoni ndi zilembo zikuluzikulu, ndakhoma pakhonde lakuseri. Foni yanga amake Esinati aisunga m'chikwama chawo, akuti ndizipempha.

Mzere womaliza m'kope:

Malo: pachulu.
Liwiro: sindinayeze.